Momwe mungaseweretsere Keep on the Borderlands ndi malamulo a D&D a masiku ano

Kabuku ka Keep on the Borderlands kanatuluka mu 1979. Anakalemba ndi Gary Gygax, yemwe anayambitsa Dungeons & Dragons mu 1974 pamodzi ndi Dave Arneson. Awa ndi masewera a patebulo momwe wotsogolera amafotokoza nkhani, osewera n'kumayendetsa atengambali, anthu opeka a m'nkhaniyo. Kampani ya TSR inkakaika m'bokosi la Basic Set, choncho anthu ambiri amene anaphunzira masewerawa zaka zimenezo anayambira pa linga la m'malire limene kabukuka kamafotokoza, n'kukalowa m'mapanga omwewo otchedwa Caves of Chaos. Lero kabukuka kamagulitsidwa ngati PDF pa DriveThruRPG, ndipo otsogolera masewera ambiri amafuna kukaseweretsa ndi malamulo a kope lachisanu, poti ndi amene anzawo amawadziwa. Zimatheka ndithu, ndipo zimakoma. Koma mukangotsegula Monster Manual, buku la zilombo, n'kumasinthanitsa zilombo dzina ndi dzina, gulu lanu lidzathera m'phanga loyamba. Mukachepetsa zilombozo mopanda kuganiza, mudzatsala ndi ndewu zondondozana zosakoma. Chofunika kusamutsa ndi khalidwe limene malamulo akale ankaphunzitsa osewera: kuyenda mochenjera, kukambirana ndi adani, kuthawa zikavuta, ndi kufunafuna golide koposa nkhondo. Manambala amabwera pambuyo.

Yambani ndi kudziwa mabuku awiri amene muli nawo

Dzina loti D&D laphimba masewera angapo osiyana. Panali Basic ya 1977, Basic ndi Expert ya 1981 imene anthu amaitcha B/X, Advanced D&D yomwe mabuku ake anatuluka kuyambira 1977 mpaka 1979, kope lake lachiwiri mu 1989, lachitatu mu 2000 kampani ya Wizards of the Coast itagula kale TSR mu 1997, lachinayi mu 2008, ndi lachisanu mu 2014. Kabuku kathu ndi ka banja la Basic, ndipo manambala akale amene nditchule pano ndi a B/X ya 1981.

Kumbali ya malamulo atsopano, gwirizanani ndi gulu lanu ngati mukutsata mabuku a 2014 kapena okonzedwanso a 2024. Kusiyana kwake kukukhudza ntchito yanu mwachindunji. Monster Manual ya 2025 ilibe tsamba la orc, pomwe mapanga awiri a m'kabukuka ndi a ma orc. Matsenga a Sleep, amene kale ankagonetsa gulu lonse la adani popanda mpata wodziteteza, mu 2014 amagonetsa zilombo mpaka HP (nambala ya moyo) yokwana 5d8, kutanthauza madayisi 5 a mbali 8, ndipo mu 2024 mdani amapatsidwa mwayi woponya dayisi kuti asagone. Ngati mulibe mabuku, SRD 5.1, chikalata cha malamulo oyambira a kope lachisanu, ndi yaulere, inaikidwa pansi pa Creative Commons mu Januwale 2023, ndipo zilombo zikuluzikulu za m'mapangamo zilimo. Zitsanzo zanga zonse ndazitenga ku malamulo a 2014.

Werengani kabuku konse muli ndi pensulo

Ndi kakang'ono, mutha kukamaliza madzulo amodzi. Powerenga, chongani zinthu zitatu: paliponse pamene patchulidwa chiwerengero cha zilombo, paliponse pamene pali chuma, ndi paliponse pamene mtundu wina wa zilombo ukukhudzana ndi unzake. Chachitatuchi ndiye mtima wa kabukuka ndipo ambiri amachidumpha. Ma goblin ndi ma hobgoblin amagwirizana, ndipo sawonana bwino ndi ma orc. Ma kobold ndi ofooka, amangofuna kuti akuluakulu asawaone. Ogre amagwirira ganyu ma goblin: akapanikizika amamuponyera thumba la golide kuti adzawamenyere nkhondo. M'linga momwemo muli wansembe wina wooneka wachifundo amene ali kazitape wa kachisi woipa wa kumapangako. Jambulani zimenezi papepala limodzi, mayina a mitundu ndi mizere yosonyeza ogwirizana ndi odana. Pepala limeneli mudzaliyang'ana kawirikawiri kuposa tsamba lililonse la malamulo.

Onaninso kuti Gygax analembera gulu la atengambali 6 mpaka 9 a levulo yoyamba, ndipo ankayembekezera kuti alembanso aganyu onyamula mikondo ndi miuni. Magulu ambiri a masiku ano amakhala anthu anayi kapena asanu.

Zilombo: apa ndi pomwe pagona ntchito yaikulu

Dzina likafanana musaganize kuti chilombo n'chofanana. Orc wa B/X ali ndi HD imodzi, kutanthauza dayisi imodzi ya d8 ya moyo, ndiye HP yake imakhala 4 kapena 5, ndipo amavulaza ndi 1d6. Orc wa 2014 ali ndi HP 15, amamenya ndi +5 (yowonjezera pa dayisi yomenyera), ndipo nkhwangwa yake imavulaza 1d12+3. Wakale ankagwa ndi lupanga limodzi labwino, watsopano amafuna awiri kapena atatu, ndipo iye akakantha kawiri wankhondo wa levulo yoyamba wagwa. Goblin wakale ankangomenya, watsopano amatha kudzichotsa pandewu kapena kubisala pa mpata wake uliwonse. Kobold watsopano amaponya d20, dayisi ya mbali 20, kawiri n'kusankha yaikulu ngati mnzake ali pafupi ndi amene akumumenyayo, ndipo m'phanga la ma kobold nthawi zonse mnzake amakhala pafupi.

Tiyeni tiwerengere chipinda cha alonda chokhala ndi ma goblin 6. Aliyense ndi XP (mapointi okwezera levulo) 50, pamodzi 300. Dungeon Master's Guide ya 2014, buku la wotsogolera, imati zilombo zikakhala 3 mpaka 6 muchulukitse kawiri poyesa kuopsa kwa ndewu, ndiye 600. Malire a ndewu yakupha kwa mtengambali wa levulo yoyamba ndi 100, kwa anthu anayi ndi 400. Chipinda cha pakhomo chokha chapitirira kale malire akupha, mfumu yawo musanaione n'komwe.

Pali njira ziwiri. Yoyamba ndi kutenga zilombo za 2014 monga zilili n'kuchepetsa chiwerengero, mwina ndi theka. Ndi yachangu, koma imachotsa chinthu chimene ine ndimachikonda kwambiri m'kabukuka, mantha amene osewera amakhala nawo akatsegula chitseko n'kupeza khamu. Phanga lokhala ndi ma orc atatu silikhalanso mudzi wa ma orc.

Yachiwiri, imene ndimalimbikitsa pa zilombo zing'onozing'ono, ndi kusunga chiwerengero ndi HP zakale, n'kungotembenuza manambala kuti agwirizane ndi d20 ya masiku ano. AC (nambala ya chitetezo) yakale imatsika chitetezo chikamakula: wopanda chovala chankhondo ndi 9, wovala chitsulo thupi lonse ndi chishango ndi 2. Chotsani nambala yakaleyo mu 19, mwapeza AC yokwera. Goblin wa AC 6 akhala 13, kobold wa AC 7 akhala 12, ogre wa AC 5 akhala 14. Kabuku kakakhala ka Advanced D&D muchotse mu 20, poti kumeneko wopanda chovala ndi 10. Pa nambala yomenyera, tengani HD n'kuwonjezera 2: orc akhala +3. Kuvulaza kusiyeni monga kunalembedwera. Mphamvu zapadera za 2014 musaziike pa asilikali wamba, muzisungire atsogoleri awo. Mukatero orc wanu ndi mzere umodzi wokha papepala: AC 13, HP 5, +3, 1d6. Atengambali a kope lachisanu ndi amphamvu kuposa akale, choncho anayi a lero atha kulimbana ndi zimene zinkalembedwera asanu ndi atatu, koma khamu likadali khamu.

Zilombo zikuluzikulu zimafuna kuziganizira chimodzichimodzi. Ogre wa 2014 ali ndi HP 59 ndipo chibonga chake chimavulaza 2d8+4, pakatikati 13. Wamatsenga wa HP 6 akalandira 13 wafa pomwepo, chifukwa zotsala akafika pa 0 zakwana HP yake yonse. Ine ndimamusiya ogre ndi mphamvu zake zatsopano, koma ndimaonetsetsa kuti osewera amva fungo lake, aona mafupa pakhomo pake, ndipo amva mphekesera kuti amalandira ndalama. Amene angamulipire koposa ma goblin wapeza mnzake. Minotaur ndi owlbear onse ndi CR (muyeso wa kuopsa kwa chilombo) 3, ndi oyenera gulu la levulo 3, asiyeni momwemo, adzakhala chifukwa chobwererera kumapangako gulu litakula. Medusa womangidwa m'kachisi ndi nkhani ina: wakale anali ndi HD 4, watsopano ndi CR 6 wa HP 127. Ameneyu m'bwezereni ku HP yakale, pafupifupi 18 kapena 20, n'kusunga maso ake osandutsa munthu mwala. Kuopsa kwake kuli m'masomo.

Liwiro musavutike nalo. Pamene palembedwa 120' (40'), lembani mafiti 30. Pamene palembedwa 60' (20'), lembani 25 kapena 20. Kumbukirani kuti bokosi limodzi pa mapu a mapanga ndi mafiti 10, pomwe mapu ankhondo a masiku ano amawerenga mafiti 5, ndiye bokosi lililonse lakale ligaweni panayi.

Kudziteteza ku poizoni, matsenga ndi misampha

B/X ili ndi magulu asanu odzitetezera, pomwe kope lachisanu limatsata mphamvu zisanu ndi imodzi za mtengambali. Poizoni ndi kuuma thupi zipite ku Constitution, mpweya wa chinjoka ndi zogwa kapena zolasa mwadzidzidzi zipite ku Dexterity, matsenga osokoneza maganizo apite ku Wisdom. Pa malevulo 1 mpaka 3, DC (nambala yofunika kuifika poponya dayisi) ya 11 kufika 13 ikukwanira, 15 muisungire zinthu za m'kachisi.

Poizoni wakale amapha amene walephera dayisi. Mutha kumusintha kukhala 3d6 ndi kufooka kwa ola limodzi. Mukafuna kumusiya wakupha, perekani chizindikiro chooneka, monga khoswe wakufa pafupi ndi bokosi kapena utoto wobiriwira pa singano. Munthu amene wataya mtengambali wake atachenjezedwa amavomera. Amene sanaone chilichonse amawawidwa mtima, ndipo sakulakwa.

Pa misampha, monga dzenje lobisika la pakhomo pa ma kobold, musalole kuti zonse zithere pa nambala ya Perception, luso lozindikira zobisika. Wosewera akanena kuti akugogoda pansi ndi ndodo yaitali, walipeza dzenjelo, dayisi isaponyedwe. Ndi mmene kabukuka kankayembekezera kuti anthu azisewera.

Golide ndi XP

Gawo ili ndi limene limasintha khalidwe la osewera koposa ena onse. Mu B/X, ndalama yagolide imodzi imene mwaitulutsa m'phanga n'kufika nayo kotetezeka imakupatsani XP imodzi. Kupha goblin kumapereka XP 5 yokha, pomwe wankhondo amafuna 2,000 kuti afike levulo 2. Akadalira kupha kokha, pafunika ma goblin 400. Wosewera aliyense wanzeru ankaona yekha kuti kuba chuma cha mfumu ya ma goblin popanda ndewu n'kopindulitsa kuposa kumenyana nayo. Mu kope lachisanu levulo 2 imafuna XP 300, goblin ndi 50, ndipo golide sapereka kanthu. Ma goblin 6 akukwanira munthu mmodzi. Malamulo otere amauza wosewera kuti aphe chilichonse choyenda.

Chitani izi. Perekani XP imodzi pa ndalama zagolide 5 zilizonse zimene zalowa pachipata cha linga, n'kugawira gulu lonse mofanana. XP ya zilombo ichepetseni kufika pa gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo muipereke ngakhale adaniwo athawa, agonja kapena apusitsidwa. Levulo 3 ili pa 900 ndipo levulo 4 pa 2,700. Mukaona kuti akukwera mothamanga, kwezani 5 uja akhale 7 kapena 10, koma muwauze poyera. Auzeninso lamuloli lonse asanapange atengambali awo. Likakhala lachinsinsi silisintha khalidwe la munthu.

Chuma chenichenicho chisiyeni monga chinalembedwera. Ena amaopa kuti osewera alemera msanga, koma mitengo yatsopano imadya ndalamazo yokha. Chovala chachitsulo cha thupi lonse chinali ndalama 60 mu B/X, lero ndi 1,500. Botolo la mankhwala ochiritsa ndi 50. M'linga muli banki, wosula zitsulo, wogula miyala yamtengo wapatali, nyumba ya alendo ndi tchalitchi, ndiye pothera ndalama palipo pambiri.

Kuwala, nthawi ndi kupuma

M'masewera akale nthawi ya m'phanga inkayenda mphindi 10 pa chigawo chilichonse. Muuni unkayaka zigawo 6, ndipo pakatha zigawo ziwiri zilizonse wotsogolera ankaponya d6: ikagwa 1, chilombo choyendayenda chatulukira. Bwezeretsani zimenezi. Jambulani timabokosi 6 pa ola lililonse m'mphepete mwa pepala, muzichonga kamodzi gulu likafufuza chipinda, likathyola chitseko kapena likakangana nthawi yaitali. Kupuma kwakufupi kwa kope lachisanu ndi ola lathunthu, ndiye amene afuna kupumira m'phanga adziwe kuti d6 iponyedwa katatu.

Kupuma kwakutali ndi kumene kumafooketsa kabukuka mukakusiya monga kulili. Kale munthu ankachira HP 1d3 pa tsiku lathunthu logona, lero maola 8 amabwezera zonse. Lamulo langa ndi losavuta: kupuma kwakutali kumatheka m'linga mokha. Kugona kutchire kumawerengedwa ngati kupuma kwakufupi. Zikatero ulendo wobwerera kulinga umakhala chosankha chenicheni, ndipo gulu likachoka, zilombo nazo zimapeza mpata. Kabukuka kamanena komweko kuti adani amaphunzira: amaika alonda ena, amatchera misampha yatsopano, ena amasamuka ndi chuma chawo. Muzilemba zosinthazi mukatha kusewera, zikadali m'mutu.

Za mdima, ambiri mwa atengambali a lero amaona mumdima mpaka mafiti 60, koma lamulo limati amaona motuwa, opanda mitundu, ndipo pofufuza ndi maso amaponya d20 kawiri n'kutenga yaing'ono. Litsateni lamuloli monga lilili, mudzaona miuni ikuyatsidwanso.

Madayisi awiri amene kope lachisanu linawataya

Tengani 2d6 muiike pafupi ndi dzanja lanu. Gulu likakumana ndi zilombo zimene sizinadziwe za kubwera kwake, ponyani. Ikagwa 2, ndewu yayamba. Pa 3 mpaka 5 ndi zaukali koma zikhoza kuopseza kaye. Pa 6 mpaka 8 sizikudziwa chochita, zikudikira kumva mawu oyamba. Pa 9 mpaka 11 zikhoza kumvera malonda kapena kungochoka. Pa 12 zalandira alendo mokondwa. Kawirikawiri 2d6 imagwa pakati, kutanthauza kuti misonkhano yambiri imayamba ndi kulankhulana. Apa ndi pamene pepala lanu la ogwirizana ndi odana limagwira ntchito: ma kobold akhoza kupereka njira yolowera kwa ma orc posinthana ndi mtendere.

Madayisi omwewo amayesanso kulimba mtima. Kobold ali ndi 6, goblin 7, orc 8, ogre 10. Ponyani pamene woyamba wa iwo wagwa, ndiponso pamene theka lagwa. Nambala ikaposa yawoyo, amathawa kapena kugonja. Lamulo limeneli ndi limene limachititsa kuti khamu lija ligonjetseke, chifukwa ma goblin 6 nthawi zambiri samenya mpaka womaliza. Mukalisiya, njira yachiwiri ija ya zilombo idzakhala yolemera kwambiri. Othawawo asamangosowa: apite kukachenjeza anzawo, ndipo osewera amve mfuu ikulowa mkati mwa phanga.

Lipatseni linga mayina ndi dziko

Gygax sanapereke dzina kwa munthu aliyense wa m'linga. Mkulu wa linga, wansembe wamkulu, mwini mowa, onse ali ndi maudindo okha. Anasiya dala mpata umenewu. Lembani mayina 10 kapena 12, aliyense ndi chinthu chimodzi chimene akufuna ndi chimodzi chimene akuopa. Lingalo silinamangiriridwe ku dziko lililonse mwamphamvu. Kabuku kotsatira ka 1999, Return to the Keep on the Borderlands, kanaliika ku Greyhawk, limodzi mwa maiko opeka a masewerawa, koma mutha kuliika m'malire a ufumu uliwonse, wa m'mabuku kapena wopeka nokha, bola pakhale msewu wamalonda, nkhalango ndi chigwa cha mapanga.

Pali nkhani ina yofunika kuikonza musanakhale patebulo. Mu B/X elf, dwarf ndi halfling anali makalasi paokha, ndipo orc anali mdani basi. Mu Player's Handbook ya 2024 wosewera akhoza kusankha kukhala orc. Ganizirani mmene alonda a pachipata adzamulandirire, ndi zimene adzamve akakumana ndi a mtundu wake m'phanga. M'mapangamo mulinso akazi ndi ana a zilombozo, olembedwa ndi manambala awo. Sindiona chabwino chilichonse poika osewera pamalo oti asankhe kupha ana m'masewera achisangalalo. Mutha kuwachotsamo, n'kunena kuti mapangawo ndi misasa ya ankhondo amene kachisi woipa wawasonkhanitsa. Mutha kuwasiyanso, koma ndiye mitunduyo ikhale anthu okhala ndi njala, mantha ndi ngongole kwa ansembe a kachisiyo, anthu oti n'kukambirana nawo. Njira zonse ziwiri zimapangitsa kachisi kukhala mdani weniweni, ndipo zimapatsa ulendowu kolowera.

Ngati nthawi yokonza zonsezi mulibe, kampani ya Goodman Games inatulutsa Into the Borderlands mu 2018, buku lalikulu lokhala ndi kabuku kakale pamodzi ndi kotembenuzidwira ku kope lachisanu. Ngakhale mutaligwiritsa ntchito, malamulo a golide, kupuma ndi 2d6 muwawonjezere nokha.

Usiku woyamba

Musatembenuze mapanga onse musanayambe. Konzani linga, msewu, ndi mapanga a m'munsi mwa chigwa, a ma kobold, ma goblin, ma orc ndi ogre, chifukwa ndi amene ali pafupi ndi polowera. Ena mudzawakonza mukaona kumene gulu likulowera. Yambitsani atengambali pa levulo 1 ngati osewera ndi ozolowera, pa levulo 2 ngati ndi atsopano, ndipo aliyense apange wachiwiri wodikirira kunyumba ya alendo. Ikani aganyu awiri kapena atatu m'nyumba ya mowa, okhala ndi mayina ndi malipiro awo, poti gulu la anthu anayi lidzafuna wonyamula muuni ndi wonyamula matumba.

Pachipata alonda afunse aliyense dzina ndi chimene wadzera, monga kabukuka kamanenera, ndipo osewera ayankhe ndi mawu a atengambali awo. Kenako aliyense alandire mphekesera imodzi kuchokera pa mndandanda wa m'kabukumo, yolembedwa pakapepala kake, osamuuza ngati ndi yoona. Zina ndi zabodza, ndipo imodzi imanamiza anthu za tanthauzo la mfuu ya ma goblin. Asiyeni agule zingwe, miuni ndi chakudya, afunse mafunso, alembe aganyu. Akafika pakamwa pa chigwa, afotokozereni makomo onse amene akuwaona, a m'munsi ndi a pamwamba, n'kuwafunsa limene akufuna kulowa.